Kwa Mphwanga Amene Akufulumira Kubwerera pa Njinga

Mphwanga,

Uthenga wako ndaulandira. Ndakondwa kumva kuti chikhakha chija akuchotsa ndipo wayamba kuponda pansi popanda ndodo. Koma mawu ako omalizira andisowetsa mtendere. Ukuti fupa lake ndi laling'ono, linangosweka pang'ono osasuntha, ululu watha, ndiye sabata yamawa ukufuna kulawirira m'mamawa kukakumana ndi anzako kuti muyambirenso kupalasa monga kale. Ine ndikuti ayi, ndipo ndikuuza chifukwa chake mosabisa, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Njingayo sindikukuletsa. Ndikufuna udzaikwerebe imvi zitamera ngati zangazi. Chimene ndikukana ndi changu chimene wanyamuka nacho.

Yamba wadziwa chimene chinathyoka. Kuchokera pa bondo kufika pa kakolo pali mafupa awiri. La kutsogolo, lija limapweteka koopsa ukaligunditsa pa pedulo, ndilo lalikulu, ndipo limasenza pafupifupi kulemera konse kwa thupi. Linalo, limene lathyoka kwa iwe, ndi lowonda, lili chakunja, madokotala amalitcha fibula, ndipo katundu amene limasenza ndi wochepa. N'chifukwa chake munthu wothyoka fupa limeneli nthawi zina amadzuka n'kumatsimphina mpaka kunyumba, akuganiza kuti wangobinya. Koma kuchepa kwakeko kusakupusitse. Kumunsi kwake ndiko kuli kamfundo kaja ka kunja kwa kakolo, ndipo mitsempha imene imagwira kakolo kuti asapindikire kumbali imamangirira pomwepo. Nthawi iliyonse ukaponda pedulo mwamphamvu, ukatsitsa phazi pansi mwadzidzidzi, kapena ukapotoza chidendene, fupa lako lija likugwira ntchito.

Fupa silipola ngati bala la pakhungu, loti umaliona ndi maso likuuma. Likathyoka, magazi amaundana pamalopo, ndiye kutupa ndi kutentha kuja unamva masiku oyamba. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu thupi limakhala litaluka kanthu kofewa, kolumikiza mbali ziwiri zothyokazo. Apa m'pamene ululu umachepa, chifukwa zidutswazo zasiya kugwedera, ndipo apa m'pamenenso achinyamata ambiri amanyengeka. Kofewako kamayamba kuuma pang'onopang'ono n'kusanduka fupa lenileni, ntchito imene kwa munthu wamkulu imatenga sabata 6 mpaka 12 malinga ndi fupa lake ndi mmene linathyokera. Zikatha izo thupi limapitiriza kusema ndi kulimbitsa malowo kwa miyezi yambiri, mwina mpaka chaka. Amisiri omanga nyumba amazidziwa bwino zoterezi: konkire imaoneka youma mawa lake lomwe, koma mphamvu yake amaiwerengera pa masiku 28, ndipo mmisiri wanzeru sachotsa mitengo yochirikiza chifukwa choti pamwamba payera. Kutha kwa ululu kukutanthauza kuti ntchito ikuyenda bwino, osati kuti yatha.

Tsono woti akuuze kuti fupa lagwirana si iwe, si ine, si mnzako amene anathyokapo chala ali ku sekondale. Ndi amene akuyang'ana chithunzi cha X-ray ndi kugwira mwendowo ndi manja ake. M'zipatala zathu za m'maboma, anthu ambiri othyoka amathandizidwa ndi ma clinical officer a mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985 poona kuchepa kwa madokotala a opaleshoni ya mafupa. Usawaderere. Mafupa amene adutsa m'manja mwawo ndi ambiri kuposa makilomita amene iwe wapalasa chaka chino. Akaona kuti nkhani yako ikufunika akatswiri, akutumiza okha ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Chimene ndikukupempha n'chakuti ukalowa m'chipindamo ukalankhule. Achinyamata inu mumalongolola kunja, koma pamaso pa dokotala mumangoti "eya, eya" n'kutuluka osafunsa kanthu. Ukafunse ngati ungaponde ndi thupi lonse. Ukafunse ngati ungayambe kupalasa njinga yoima pamodzi, ndiponso kuti pamsewu ungapite liti. Ndipo ukanene poyera kuti njinga yako ndi ya mpikisano. Ukangoti "njinga", iwo aganiza zopita kuchigayo kapena kugolosale, akuloleza, pamene iwe m'mutu mwako muli maola anayi ndi zitunda. Chilolezo chopezeka mobisa mawu si chilolezo.

Agogo ako adzafuna kukutengera kwa munthu wodziwa zitsamba kuti akakutemere mphini ndi kukutikita pothyokapo. Akutero chifukwa chokukonda, ndiye uwayankhe mwaulemu. Koma usalole lumo pakhungu limene langotuluka m'chikhakha, ndipo usalole munthu kukanya kapena kukoka fupa limene likugwirana kumene.

Tsopano vula nsapato, ukhale pansi, utambasule miyendo yonse iwiri n'kuiyerekeza. Uona kuti katumba wa mwendo wovulalawo waphwa, ntchafu yachepa, ndipo kakolo sakupindika kufika pamene mnzake akufika. Sabata zochepa chabe za m'chikhakha zimakwanira kuchita zimenezi. Palinso china chosaoneka ndi maso. Mwendo wabwino umadziwa wokha pamene waponda. Ukaterereka pamwala umadzikonza usanaganize n'komwe. Nzeru imeneyi imazilala mwendo ukakhala nthawi osagwira ntchito, ndipo imabwerera pokhapokha ukaiphunzitsanso. Apa m'pamene pali ntchito ya mafizo, imene ambiri amainyoza chifukwa situlutsa thukuta loti anzako aone. Ngati kuchipatala chako kuli a mafizo, pita, ndipo zimene akuuze uzikachita kunyumba tsiku ndi tsiku, osati pokhapokha iwo akuyang'ana. Zambiri ndi zosafuna ndalama. Kulemba zilembo m'mwamba ndi chala chachikulu cha kuphazi kuti kakolo amasuke. Kukoleka chitenje kuphazi n'kulikokera kwa iwe bondo lili chowongoka. Kugwira mpando n'kumanyanyamphira, poyamba ndi miyendo yonse, kenako ndi wovulala wokhawo. Kuima ndi mwendo umodzi pamene ukutsuka mano.

Ndipo usanaganize za msewu, uyambe wayenda ngati munthu. Ngati sungayende theka la ola osatsimphina, ngati potsika masitepe ukutsogoza mwendo umodzi womwewo nthawi zonse, ngati sungaime pa mwendo wovulalawo kwa masekondi 30 osagwira khoma, ndiye kuti nthawi yolimbana ndi minibasi sinakwane. Wotsimphina pansi amatsimphinanso pa njinga, kungoti sizioneka. Mwendo wabwino umagwira ntchito ya iwiri, chiuno chimapendekera mbali imodzi, ndipo pakatha mwezi umayamba kudandaula bondo la mwendo umene sunathyoke n'komwe, kapena msana.

Dokotala akavomera, yambira pa njinga yosayenda. Kupalasa pakokha si koopsa kwenikweni, chifukwa thupi lakhala pa chishalo ndipo mwendo ukungozungulira; ndiye chifukwa chake a mafizo amakonda kuyambitsira odwala awo pa njinga yotere. Choopsa ndi kugwa, ndi kutsitsa phazi mwadzidzidzi. Pa njinga yoima pamodzi palibe dzenje, palibe mbuzi yodumpha msewu, palibe mchenga wa pakona. Ngati kufupi nawe kuli jimu, pita kumeneko. Ngati kulibe, mnzako wina mwina ali ndi chitsulo chija choimikapo tayala la kumbuyo, ubwereke. Apo ayi wowotcherera waluso angakupangire cholimba bwino, bola uchiyese kaye usanakwerepo. Tsiku loyamba mphindi 10 kapena 15 zakwana, pa giya yopepuka, miyendo izingozungulira mosavutikira. Ukatsika udzamva ngati sunachite kanthu, ndipo udzafuna kukwereranso. Usatero. Yankho la mwendo silibwera nthawi yomweyo, limabwera m'mawa mwake. Ukadzuka kakolo ali bwinobwino, wosatupa kuposa dzulo, wonjezera mphindi zochepa. Ukadzuka watupa kapena akupweteka poponda, wapyola muyeso. Pumula tsiku limodzi kapena awiri, ubwerere pamene unali. Uziwonjezera chinthu chimodzi pa nthawi: ukatalikitsa nthawi usalimbitse giya, ukalimbitsa giya usatalikitse nthawi.

Uphunzire kusiyanitsa ululu. Kuphwanya kwa minofu imene yayambiranso ntchito, kofalikira katumba yense ndi ntchafu, ndi kwabwino, ndipo kumatha pakapita masiku awiri. Koma ululu wobaya, wa malo amodzi, woti ungaloze ndi chala chimodzi pamene panathyokapo, umenewo ndi fupa likukuuza kuti siya. Ukaumva utsike pomwepo, ndipo ukapitirira mpaka mawa ubwerere kuchipatala. Pachifukwa chomwechi usamamwe Panado kapena Brufen usanakwere njinga kuti upirire. Mankhwala akatseka ululu, watseka pakamwa pa mlonda yekhayo amene uli naye.

Nsapato zako zija zokolekera pa pedulo uziike kaye pambali. Kuti phazi lichoke umapotoza chidendene chakunja, ndipo kupotoza kumeneko kumadutsa pamene pali fupa lako lovulala. Choipa kwambiri n'chakuti ukachedwa kulichotsa umagwa nayo njinga, phazi lili chikolekere. Manga mapedulo wamba, uvale nsapato yolimba pansi, kufikira kakolo atabwerera mwakale. Chishalo usachitsitse poganiza kuti phazi lizifika msanga pansi. Chishalo chotsika chimapinda bondo ndi kakolo mopitirira.

Pali chinyengo china chimene ndikufuna uchidziwiretu. Mtima ndi mapapo zimabwerera msanga. Munthu amene wakhala akupalasa zaka zingapo ngati iwe, pakatha sabata zochepa amayamba kumva kuti mpweya wabwerera, miyendo ikuyabwa kufuna liwiro. Fupa ndi mitsempha sizithamanga choncho. Ndiye pamafika nthawi imene chifuwa chikuti tiye pamene mwendo sunakonzeke, ndipo ambiri amene amavulalanso amavulala pa nthawi imeneyi, osati pa sabata yoyamba pamene akadali ndi mantha.

Ukudziwa bwino dzina la Remco Evenepoel wa ku Belgium, poti chithunzi chake ndinachiona pa foni yako. Mu Ogasiti 2020, pa mpikisano wa Il Lombardia ku Italy, ali ndi zaka 20, anagunda khoma la mlatho potsetsereka n'kugwera kuphompho, ndipo anathyoka fupa la m'chiuno. Mnyamata ameneyu anali ndi madokotala, a mafizo ndi makina amene iwe ndi ine sitidzawaona. Komabe atayambiranso kupalasa, ululu unabwerera chifukwa fupa linali lisanapole bwino, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2021 anali atatsikanso pa njinga kwa sabata zingapo. Mpikisano wake woyamba unali Giro d'Italia mu Meyi 2021, miyezi 9 chigwereni, ndipo sanaumalize. Anthu ena anayamba kunena kuti basi watha. Koma mu 2022 anapambana Vuelta a España ndi mpikisano wa dziko lonse lapansi, mu 2024 anatenga mendulo ziwiri za golide ku Olympics ku Paris, ndipo mu Seputembala 2025 anapambananso ku Kigali, pamene mpikisano wa dziko lonse lapansi unachitikira mu Africa koyamba. Ona zinthu ziwiri pamenepa. Kufulumira kunamubweza m'mbuyo ngakhale iye, ndi zonse anali nazo. Ndipo miyezi imene anakhala pansi sinamulande chilichonse chimene chinali chake. Iwe ukuopa kutaya mwezi umodzi ngati kuti moyo wako wonse wa njinga uli m'mwezi umenewo.

Ukatuluka pamsewu, tuluka wekha kapena ndi mnzako mmodzi wofatsa, amene sadzachita manyazi kuyenda pang'onopang'ono. Sankha msewu wosalala, wopanda zitunda, umene ukuudziwa dzenje lililonse, pa nthawi imene magalimoto ndi ochepa. Ukafuna kuima, konzekera patali, utsitse mwendo wabwino. Mvula ikagwa khala kunyumba. Phula lonyowa ndi matope a m'mbali mwa msewu si malo oyeserapo mwendo. Chipewa cha njinga chija chizikhala kumutu ngakhale ukungozungulira pafupi, ndipo ngati chinagunda pansi tsiku unagwalo, chatha ntchito ngakhale chikuoneka chabwino, upeze china. Mabuleki, foloko ndi mahandulo akazione mmisiri, poti njinga nayonso inagwa.

Gulu la anzako libwere pambuyo, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti ndi limene ukulisowa kwambiri. Pagulu suyenda liwiro lako. Wakutsogolo akaimirira pa mapedulo nonse mumaimirira, akamanga buleki mwadzidzidzi nonse mumamanga, ndipo tayala lako lili kachala kamodzi kuchokera pa la mnzako. Palibe mnyamata amene amavomera kutsalira anzake akumuona. Udzadziuza kuti ukhala kumbuyo, koma pa chitunda choyamba wina akakutchula dzina mokuseka, udzaiwala zonse ndakuuzazi. Chimodzimodzi zija mumatumizirana pa WhatsApp ndi pa Strava, zoonetsana makilomita a tsikulo. Ngati zikukuwotcha mtima, leka kuziyang'ana mwezi uno. Anzakowo sakukufunira zoipa, koma ukathyokanso adzabwera kudzakuona kamodzi, Loweruka lotsatira n'kupita kokapalasa. Chikhakha udzavala wekha.

Zitunda zazikulu, monga kukwera kuchokera mu tauni ya Zomba kupita ku Ku Chawe kapena kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, zikhale zomalizira. Kumeneko umakakamizika kuimirira n'kuponda ndi thupi lonse pa mwendo umodzi, ndipo pobwerera pali kutsetsereka kwa makona kumene kulakwitsa pang'ono kumakugwetsa. Mpikisano ndiye ubwere zonsezi zitatheka popanda kutupa kapena ululu kwa sabata zingapo zotsatizana. Ukakafika pamalo unagwerapo n'kumva mantha, manja n'kuuma pa mabuleki, usadzione ngati wamantha. Zimachitikira ngakhale akatswiri. Dutsapo pang'onopang'ono kangapo, zidzatha zokha.

Ndamvanso kuti wachepetsa nsima poopa kunenepa pamene wakhala pansi. Apa ndiye ndikukudzudzula kwenikweni. Thupi limene likumanga fupa limafuna chakudya chokwanira, ndipo kulimana pa nthawi ino n'kuchedwetsa kuchira kwako komwe. Opalasa njinga ambiri ali ndi matenda ofuna kupepuka, poganiza kuti aziuluka pa zitunda, ndipo ena amafooketsa mafupa awo ndi njala yodzipatsa okha. Idya. Usipa, matemba ndi bonya, zodyera limodzi ndi minga yake, zili ndi calcium amene fupa likufuna. Mazira, nyemba, soya, mtedza, mkaka ukapezeka, ndi masamba monga bonongwe, mpiru ndi chisoso, zonsezi zili pamsika wapafupi, sizofuna mabotolo odula a ku famase. Uziwothako dzuwa, poti ndi limene limathandiza thupi kupanga vitamini D. Fodya amachedwetsa kugwirana kwa fupa, zimenezi madokotala a mafupa onse amagwirizana. Mowa wambiri nawonso suthandiza, ndipo woledzera ndi amene amaponda molakwika usiku. Makilogalamu awiri amene ungawonjezere adzachoka okha ukayambiranso kupalasa.

Dziwanso kuti njinga, ngakhale imalimbitsa mtima ndi minofu, silimbitsa mafupa kwenikweni, chifukwa thupi limakhala litatsamira pa chishalo. Fupa limalimba likamasenza thupi. Choncho ngakhale utachira, usasiye kuyenda pansi mtunda wautali, ndipo a mafizo akakuloleza uziwonjezerapo kunyamula zolemera pang'ono ndi kudumpha chingwe. Zimenezi zikhale mbali ya maphunziro ako mpaka kale, osati za nthawi ya matenda yokha.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira tsiku limene anakulembera. Katumba akatupa mwendo umodzi, n'kumatentha ndi kupweteka ukamugwira, mwina magazi aundana mu mtsempha, zimene zimachitika mwendo ukakhala nthawi osayenda. Ukayamba kubanika kapena kumva kubaya m'chifuwa popanda chifukwa, imeneyo ndi ngozi, thamangira kuchipatala ngakhale usiku. Chimodzimodzi zala za kuphazi zikachita dzanzi losatha, zikazizira kapena kusintha mtundu.

Ndikamalemba izi ndikuganiziranso anyamata a kabaza amene umapikisana nawo m'mawa pamsewu. Iwo akathyoka mwendo, kukhala pansi miyezi iwiri ndiye kuti ana agona ndi njala, ndipo ambiri amabwerera pa njinga nthawi isanakwane, atanyamula munthu kapena matumba a makala pa kaliyala, katundu yense n'kumagwera pa mwendo womwewo nthawi iliyonse akaima. Amenewo sindingawadzudzule, ndimangowamvera chisoni, ndipo ukakumana ndi wotere umuuzeko zimene ukudziwa, makamaka zoti ayambe ndi katundu wopepuka ndi kutsitsa mwendo wabwino. Koma iwe sukupalasira ufa. Pakhomo pali chakudya, sukulu ikupitirira, palibe amene akukuthamangitsa kupatula mtima wako. Mwayi wodikira umene iwo alibe, iwe uli nawo, ndipo kuutaya chifukwa cha mpikisano umodzi kungandipweteke mtima kwambiri.

Tsono mpikisano wa mwezi wamawa uja usalembetse. Ngati ukufuna kukhalapo, pita ukagawe madzi kwa anzako ndi kuwachemerera. Tsiku lokaonedwanso kuchipatala usaliphonye ngakhale mwendo ukumveka bwino chotani. Utenge buku lako la kuchipatala ndi chithunzi choyamba chija kuti akayerekeze ndi chatsopano, ndipo mafunso ako uwalembe papepala kuti usakaiwale. Ya transipoti ndi ya mapedulo wamba ndikutumizira pa foni Lachisanu. Ukatuluka m'chipatalamo undiimbire, undiuze zimene anena monga mmene anenera, osachotsapo mawu amene sanakusangalatse.

Ndine malume ako.